Othyola fodya, samalani ndi chikonga cha m'masamba onyowa

Kwa alimi a fodya a ku Chipata, Chadiza, Vubwi ndi Lundazi.

M'tsamba la fodya muli chikonga. Chomera chimapanga poizoni ameneyu podziteteza ku tizilombo, ndipo kale alimi ankapopera m'minda madzi ake kuti aphe nsabwe za mbewu. Chikonga chikalowa m'thupi pang'ono, chimagalamutsa ubongo ndi kuthamangitsa mtima. Chikachuluka chimagwetsa munthu.

Sikuti chimafika kwa osuta okha ayi. Chimasungunuka m'madzi. Mukalowa m'munda mmamawa mame asanakamuke, kapena mvula itangokata, madzi a pamasamba aja amakhala atatenga chikonga. Mwathyola masamba, mwawapanira kukhwapa, malaya anyowa chonchobe mpaka masana. Nthawi yonseyo khungu likumwa.

Pakapita maola ochepa, kawirikawiri madzulo a tsiku lomwelo, munthu amayamba chizungulire, mutu, mseru ndi kusanza, malovu kudzaza m'kamwa, thukuta ndi kufooka. Ambiri amati ndi malungo, n'kukagula mankhwala pakantemba. Chonde musatero. Pitani kukiliniki akakuyezeni magazi, ndipo mukawauze kuti munali m'fodya. Mukatchulenso ngati munapopera mankhwala, chifukwa poizoni wa mankhwala opopera amayambanso chimodzimodzi koma ndi woopsa kwambiri. Kudwala kwa chikonga kumatha pa tsiku limodzi mpaka masiku 3, koma kusanza kumatha madzi m'thupi. Wodwala avule zonyowa, asambe ndi sopo, azimwa madzi kapena ORS (mankhwala a mchere ndi shuga obwezera madzi m'thupi) pang'onopang'ono. Ngati akubanika kapena wakomoka, thamangirani naye kuchipatala.

Za ana ndiye tikupempha ndi mtima wonse: asathyole, asanyamule, asasoke fodya wamuwisi. Kathupi kawo n'kochepa, ndiye chikonga chimawagwira msanga. Amayi oyembekezera nawonso atalikire.

Musanathyole, dikirani mame kapena madzi a mvula aume kaye pamasamba. Valani magolovesi ndi jasi la mvula, kapena pulasitiki pamwamba pa malaya. Sambani m'manja musanagwire nsima.

Chikonga chomwechi chili ndi ntchito kuchipatala. Amachiika, mwa muyezo wochepa, m'chingamu ndi m'timapepala tomata pakhungu, kuti wofuna kuleka kusuta achepetse chibaba pang'onopang'ono popanda utsi wowononga mapapo. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, linaika mankhwalawa pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2009. Ngati mukufuna kuleka fodya, funsani anamwino kapena a kufamase. Chingamucho muzisunga patali ndi ana, chifukwa amachiyesa switi.