Lamulo la ku Ems ndi chinenero cha Chiyukireniya

May 2026 ndi mwezi wokwanitsa zaka 150 kuchokera pomwe Mfumu Alexander II ya Russia inasainira ku Ems lamulo lachinsinsi lopondereza Chiyukireniya. Mkangano wake sunazizire. Mu July 2021 Vladimir Putin, polemba kuti anthu a ku Russia ndi a ku Ukraine ndi mtundu umodzi, anavomera kuti ziletso za Chiyukireniya zinalipodi, koma anazigwirizanitsa ndi kuukira kwa anthu a ku Poland polimbana ndi ulamuliro wa Russia mu 1863.

Akadaulo a mbiri m'mayunivesite amayambira nkhaniyi mu 1863, pomwe nduna ya zam'dziko ya Russia, Pyotr Valuev, inaletsa mabuku a Chiyukireniya achipembedzo ndi ophunzitsira anthu wamba, ndakatulo ndi nthano n'kuzisiya. M'kalata yakeyo muli mawu otchuka akuti chinenerochi sichinakhalepo, palibe, ndipo sichingakhalepo. Wowerenga mofatsa aona kuti Valuev akuwaika mawuwo m'kamwa mwa anthu ambiri a ku Ukraine komweko. Anawafunsa liti, kalatayo sinena. Nduna ya maphunziro, Alexander Golovnin, inatsutsa koma sinamvedwe.

Zinthu zinafika pachimake mu 1876. Mikhail Yuzefovich wa ku Kyiv ananeneza anthu ophunzira amumzindawo kuti akufuna kugawa ufumu. Mfumu inali ku Bad Ems, ku Germany, kumadzi a akasupe ochiritsa, ndipo inasaina pa 30 May. Zikalata za ku Russia zimati 18 May, poti kalendala yawo inkatsalira ndi masiku 12, ndipo ophunzira ambiri amasokonezeka pomwepa. Lamuloli linatseka malire kuti mabuku a Chiyukireniya osindikizidwa kunja asalowe, linaletsa zomasulira, zisudzo, kuwerengera anthu pagulu, ngakhale mawu olembedwa pansi pa manotsi a nyimbo. Zikalata zakale zinaloledwa, ndakatulo ndi nthano nazonso, koma ziwirizi m'kalembedwe ka Chirasha. Nthambi ya ku Kyiv ya bungwe la zajogalafe inatsekedwa, nyuzipepala ya Kievskii Telegraf nayonso. Lamulolo silinalengezedwe. Mykhailo Drahomanov, yemwe anachotsedwa pa yunivesite ya Kyiv n'kupita ku Geneva, analidzudzula poyera pamsonkhano wa alembi ku Paris mu 1878.

Chifukwa chimene Putin anapereka chija, cha kuukira kwa ku Poland, chimamveka pa 1863, koma pa 1876 chimatsimphina, pakuti kuukirako kunali kutagonjetsedwa kale mu 1864. Alexei Miller, katswiri wa mbiri wa ku Russia, amati bomalo linkadziwa kuletsa koma linalibe sukulu zokwanira zosandutsira alimi kukhala Arasha. N'zoona, ngakhale kuti kwa mlembi amene buku lake linakanidwa, boma silinkaoneka lofooka.

Mu 1881 anafewetsa pang'ono, madikishonale ndi zisudzo zina zinaloledwa. Apo n'kuti ntchito yosindikiza itasamukira ku Lviv, mu ulamuliro wa Austria, komwe Mykhailo Hrushevsky anayamba kuphunzitsa mbiri mu 1894. Ziletsozo zinasiya kugwira ntchito ndi chipwirikiti cha 1905, popanda kufafanizidwa mwalamulo.