Mawu oti "chabwino adokotala" satsitsa BP

Wodwala matenda othamanga magazi, omwe ambiri timangoti BP, amakhala m'chipinda cha dokotala mphindi zowerengeka chabe. Panja pamakhala mzere wautali, ndipo aliyense amadziwa zimenezo. M'mphindi zimenezi dokotala amadalira zinthu ziwiri, nambala yomwe makina asonyeza ndi zomwe zidalembedwa m'buku la kuchipatala ulendo wapita. Zomwe zachitika kunyumba mwezi wonse amazidziwa ndi wodwala yekha. Akazisunga mumtima n'kungoyankha kuti "chabwino adokotala", chigamulo cha mankhwala chimapangidwa pa nkhani yosakwanira.

Taonani momwe zimasokonekera. Munthu adapatsidwa hydrochlorothiazide, kapiritsi kamodzi m'mawa uliwonse. Mankhwala adatha masabata awiri tsiku lobwerera lisanakwane, kapena adapeza kuti kolandirira mankhwala kulibe. Pa tsiku la sikelo makina akusonyeza 170/100. Afunsidwa ngati akumwa mankhwala, ndipo chifukwa cha manyazi kapena kuopa kukalipiridwa avomera. Dokotala aganiza kuti mankhwalawo akulephera, awonjezera amlodipine. Wodwala uja akayamba kumwa onse awiri mokhulupirika, BP ikhoza kutsika mopitirira, n'kumamva chizungulire akadzuka pampando, mwinanso kugwa kumene. Kenako amataya onse awiri n'kumati mankhwala a kuchipatala amudwalitsa. Mawu akuti "adandithera pa 10, sindinamwe masabata awiri" akadaletsa zonsezi. Mawuwa si kuulula tchimo ayi. Ndi mbali ya kuyeza, mofanana ndi nambala ya pamakina.

Nambalayo muziidziwa. Funsani kuti "Lero yakwana bwanji?" ndipo onetsetsani kuti yalembedwa m'buku lanu pamodzi ndi tsiku. Imakhala ya zigawo ziwiri. Ya pamwamba ndi mphamvu ya magazi pamene mtima ukupopa, ya pansi ndi pamene mtima ukupuma pakati pa kugunda. Kwa akuluakulu ambiri cholinga n'choti ikhale pansi pa 140/90, koma kwa odwala shuga kapena impso dokotala angafune yotsikirapo, choncho funsani kuti yanu ikuyenera kufika pati. Yankho loti "ili bwinobwino" kapena "yakwera pang'ono" silikuthandizani kuona ngati mukupita patsogolo.

Kayezedwe nakonso kali m'manja mwanu kuposa momwe ambiri amaganizira. Munthu amene wangotsika panjinga kapena wayenda mtunda wautali akayezedwa nthawi yomweyo, nambala imakwera. Khalani pansi mphindi 5 kaye, msana utatsamira, mapazi onse ali pansi, miyendo yosapingasa. Mkono ukhale potsamira, molingana ndi mtima, ndipo lamba wa makina amangidwe pakhungu, osati pamwamba pa juzi. Musalankhule pamene makina akuyeza. Ngati mkodzo wakugwirani, kataye kaye, ndipo fodya ndi khofi zipewedwe kwa mphindi 30 musanayezedwe. Nambala ikatuluka yokwera modabwitsa, kupempha kuti akuyezeninso pakapita mphindi zingapo si chipongwe. Wa mkono waukulu afunsenso ngati pali lamba wokulirapo, chifukwa lamba wochepa amakweza nambala.

Pomwe odwala ambiri amasiyira mankhwala mwakachetechete ndi pa zovuta zomwe mankhwalawo amabweretsa, ndipo apa m'pomwe kulankhula kumapindulitsa kwambiri, chifukwa pafupifupi vuto lililonse lili ndi njira yake. Hydrochlorothiazide amakodzetsa pafupipafupi, n'chifukwa chake amamwedwa m'mawa. Womwa usiku amangodzuka, tulo n'kusowa. Kwa ena amayambitsa kutupa ndi kupweteka kwa mfundo, makamaka chala chachikulu cha kuphazi. Amlodipine amatupitsa akakolo mwa anthu ena, kawirikawiri pa mlingo wa mamiligalamu 10 kusiyana ndi 5. Enalapril amabweretsa chifuwa chouma, chokanda kukhosi, chopanda makhololo, chomwe sichimva mankhwala a chifuwa. Kuno kwathu chifuwa chosatha chimafunika kuyezedwa TB, koma dokotala ayeneranso kudziwa kuti chidayamba mutangoyamba mankhwala atsopano. Abambo ena amaona kuti mphamvu za m'banja zachepa, ndipo nkhani imeneyi safuna kuitchula pamaso pa namwino wamkazi. Itchuleni ndithu, kapena pemphani kulankhula ndi wina amene mungamasuke naye. Mankhwala a BP alipo a mitundu ingapo, ndipo kusintha n'kotheka. Kusiya osanena ndiko kumathera ku sitiroko.

Amayi amene akufuna kutenga pakati, kapena akukayikira kuti ali ndi pakati, anene msanga. Enalapril amavulaza mwana m'mimba, ndipo pali mankhwala ena monga methyldopa ndi nifedipine omwe amaperekedwa m'malo mwake. Mapiritsi olera a mahomoni awiri nawonso sagwirizana ndi BP yokwera, choncho a kulera ndi a ku kiliniki ya BP onse ayenera kudziwa zomwe mukulandira mbali inayo.

Njira yosavuta yothetsera zosokoneza ndi kunyamula mankhwala onse omwe mukumwa, m'timapepala tawo momwe, n'kuwaika patebulo. Onse ndithu, kuphatikizapo ogula pagolosale ndi azitsamba. Bufeni ndi diclofenac, omwe anthu amamwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana ndi mawondo, amakweza BP ndipo amatha kuwononga impso akamwedwa nthawi yaitali. Rifampicin, yemwe ali m'gulu la mankhwala a TB, amafooketsa amlodipine. Ma ARV atchulidwenso, ngakhale mumalandirira chipinda china. Kufotokoza kuti "kapiritsi koyera kakang'ono" sikuthandiza, popeza mapiritsi oyera ang'onoang'ono ndi ambirimbiri.

Pa nkhani ya chakudya, uphungu woti "muchepetse mchere" umamveka koma sugwirika. Bungwe la WHO limalimbikitsa mchere wosafika magalamu 5 patsiku, womwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi womwe uli kale m'zakudya. Usipa wouma wothira mchere, tizidutswa tokometsera ndiwo, tchipisi ta m'mapaketi ndi soda wothira m'therere zonse zimalowa m'chiwerengerochi. Ngati ophika pakhomo ndi ena, abwere nawo kuchipatala tsiku limodzi adzamve okha, chifukwa wodwala sangasinthe mphika womwe saugwira.

Musanatuluke, bwerezani m'mawu anu zomwe mwamva: "Ndiye kuti awa ndimwa limodzi m'mawa, awa ndasiya, ndibwerenso pa 14 mwezi wamawa, eti?" Pamenepa m'pomwe zolakwika zambiri zimagwidwa, makamaka ngati mankhwala atsopano akulowa m'malo mwa akale osati kuwonjezera. Funsaninso chochita mankhwala akasowa pachipatala: dzina lake ndi mlingo wake zilembedwe momveka kuti mukagule oyenera ku famase, ndiponso ngati pali ena olowa m'malo. Okalamba ndi amene samva bwino alowe ndi wowaperekeza, koma dokotala azilankhula ndi wodwalayo, osati kumudumpha ngati palibe.

Muli ndi ufulu wofotokozeredwa matenda anu m'chilankhulo chomwe mukumva, wodziwa ubwino ndi kuipa kwa chithandizo musanavomere, ndiponso wosungiridwa chinsinsi. Muthanso kukana chithandizo, koma kanani pamaso pa dokotala mutamva zotsatira zake. Ife ogwira ntchito zachipatala tiyenera kuvomereza kuti odwala ambiri amakhala chete chifukwa adakalipiridwapo atafunsa. Zikatero pali kokadandaula: kwa mkulu wa chipatalacho, kwa komiti ya chipatala ya m'dera, ku ofesi ya ombudsman wa pachipatala (wolandira madandaulo a odwala) m'zipatala zomwe ilipo, ndipo pa milandu ikuluikulu ku Medical Council of Malawi kapena ku Nurses and Midwives Council of Malawi.

Pali zizindikiro zomwe sizidikira tsiku lolembedwa m'buku. Kukamwa kukapotoka mbali imodzi, mkono kapena mwendo ukafooka mwadzidzidzi, mawu akayamba kusamveka, maso akachita mdima, mutu ukapweteka modzidzimutsa kuposa kale lonse, kapena pachifuwa pakathina ndi kupuma movutikira, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Onani nthawi yomwe zayambira kuti mukanene, nyamulani buku ndi mankhwala onse, ndipo wodwala amene akulephera kumeza musamupatse madzi, phala kapena piritsi lililonse panjira.