Lamulo la matayala ndi matcheni pa msewu wa I-70 ku Colorado: mayankho a mafunso amene mukutifunsa

Chiyambireni mwezi wa September, ofesi yathu yothandiza alendo ndi madalaivala atsopano kuno ku Denver yakhala ikulandira madandaulo ofanana, ena mwaukali ndithu, okhudza lamulo loti galimoto zoyenda pa I-70 zikhale ndi matayala oyenera chipale chofewa kapena zinyamule matcheni omanga pa matayala. Tinene poyambirira kuti lamuloli si lathu. Ndi la boma la Colorado, ndipo oonetsetsa kuti likutsatidwa pamsewu ndi apolisi a Colorado State Patrol.

Kodi lamuloli limagwira ntchito liti, ndipo kuti?

Kuyambira pa 1 September mpaka pa 31 May, pa I-70 pakati pa Morrison ndi Dotsero, mtunda wa mamailosi 126.

Nanga kunja kukawala bwino, popanda chipale chofewa?

Limagwirabe ntchito. Msewuwu umakwera kupitirira mamita 3,400 pa ngalande zoboola phiri za Eisenhower ndi Johnson, ndipo mukhoza kuchoka ku Denver dzuwa likuswa mtengo n'kukapeza msewu woterera musanafike ku tawuni ya Silverthorne.

Galimoto yanga ndi 4WD. Ndiye kuti ndili bwino?

Apa m'pamene ambiri akutsutsana nafe. 4WD, kutanthauza kukokera mawilo onse anayi, payokha siyokwanira. Mizere ya matayala iyenera kukhala yozama 3/16 ya inchi, pafupifupi mamilimita 5, ndipo pambali pa tayala yang'anani chizindikiro cha M+S (matope ndi chipale chofewa) kapena chithunzi cha phiri chokhala ndi chipale mkati. Galimoto yokokera mawilo anayi imanyamuka bwino pokwera, koma potsika chitunda cha Floyd Hill imaima ndi matayala omwewo ngati galimoto ina iliyonse. Amene galimoto zawo zimakokera mawilo awiri okha tikuwauza kuti anyamule matcheni kapena zovalira matayala zovomerezeka monga AutoSock, ngakhale matayala atakhala atsopano. Lamuloli analikhwimitsa mu 2019 ndipo lakhala likuunikidwanso, choncho zimene munauzidwa ndi mnzanu zaka zapitazo musazidalire.

Galimoto ndi yahayala. Chindapusa alipire ndani?

Funsoli ndi limene latipatsa ntchito kwambiri, ndipo yankho lathu silisangalatsa. Wapolisi amalembera amene ali pachiwongolero. Sayang'ana kuti matayalawo anagula ndani. Tikuvomereza kuti apa pali vuto lenileni: makampani ambiri obwereketsa galimoto salonjeza mtundu wa matayala, ndipo ena amaletsa kumanga matcheni m'mapangano awo, moti wobwereka amapanidwa mbali zonse. Ngati kampani ingakubwezereni ndalamazo, zimenezo zimadalira zimene munasainirana, ndipo ife sitingalowerere kapena kukulonjezani kanthu. Chimene tingalangize n'chakuti musanatuluke pabwalo la ndege muyende mozungulira galimotoyo, muone matayala onse anayi, muwajambule, ndipo akakhala akutha mupemphe ina. Mukachita ngozi kapena kutseka msewu chifukwa chosowa zida, chindapusa chimakwera kwambiri, kuphatikizapo ndalama zokokera galimoto.

Kodi amathiraki nawo amakhudzidwa?

Kwambiri. Galimoto zamalonda zolemera kupitirira mapaundi 16,000 ziyenera kunyamula matcheni nyengo yonseyi, ndipo kuyambira mu 2024 lamuloli linafikanso pa misewu ina yam'mapiri monga US 40, US 50 ndi US 550. Chindapusa cha kusamanga matcheni atalamula ndi madola 500, ndipo mukatseka msewu chifukwa cha zimenezi ndi madola 1,000, osawerengera zoonjezera. Malo ena, monga Glenwood Canyon ndi Vail Pass, mathiraki saloledwa kuyenda mumzere wakumanzere.

Kodi boma silikungofuna ndalama?

Ife sitikuona choncho. I-70 ndiwo msewu waukulu wodutsa mapiri a Rocky m'boma lino. Chakudya, mafuta ndi alendo opita ku Vail, Breckenridge ndi Copper Mountain amadalira msewu womwewu, ndipo galimoto imodzi ikapingasa, mahotela, ogwira ntchito ndi ambulansi onse amaima maola ambiri. Njira zolambalala ndi zazitali.

Ndilibe ndalama zogulira matayala atsopano. Nditani?

Kwerani basi. Basi ya Bustang imachoka ku Union Station ku Denver kupita kumadzulo mpaka ku Grand Junction, ndipo nyengo yozizira kumakhalanso Snowstang yopita kumalo ena amasewera apachipale. Musananyamuke, onani mmene msewu ulili pa COtrip, tsamba la pa intaneti la boma la Colorado lofotokoza za misewu.