Agile ndi okonza UX: mafunso ndi mayankho

Kodi agile ndi chiyani?

Ndi kagwiridwe ka ntchito komwe gulu limamanga pulogalamu pang'onopang'ono, kuonetsa anthu chomwe latha, n'kukonza malinga ndi zomwe laona. Dzinali linakhazikika mu February 2001, akatswiri 17 a mapulogalamu atakumana ku Snowbird, m'chigawo cha Utah ku America, n'kulemba Agile Manifesto, chikalata chofotokoza mfundo za kagwiridwe ka ntchito kameneka. Magulu ambiri amatsata njira ya Scrum, ya Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland. M'njirayi ntchito imagawidwa m'magawo otchedwa ma sprint, osapitirira mwezi umodzi, ngakhale ambiri amakonda milungu iwiri.

Nanga okonza UX amapindulamo chiyani?

Okonza UX (user experience) ndi anthu omwe amaonetsetsa kuti pulogalamu ikhale yosavuta kugwiritsa ntchito. Phindu lenileni kwa iwo ndi kupeza cholakwika chikadali chosavuta kukonza. M'kagwiridwe kakale, wokonza ankatha miyezi akujambula masamba onse, n'kupereka kwa olemba mapulogalamu, basi yake yathera pompo. Vuto linkaoneka kumapeto, ndalama zitapita kale.

Taganizani za fomu yolembetsera pa foni. Pa kompyuta ya wokonza ikuoneka bwino zedi. Koma mpatseni munthu foni m'manja: akangodina polemba dzina, kiyibodi ikutulukira n'kuphimba batani lopitira patsogolo. Akuyendetsa chala m'mwamba, m'munsi, osalipeza, mapeto ake akuika foni pansi. Gulu la agile likaona zimenezi sabata ino, sabata yamawa batani lasunthidwa. Kudikira chaka ndiye kuti masamba ena ambirimbiri amangidwa kale potengera fomu yolakwikayo, ndipo palibe amene angafune kugumula.

Phindu lina n'lakuti wokonza ndi wolemba pulogalamu amakhala gulu limodzi. Wolembayo akati, "Ichi chitenga mwezi, koma tikachita chonchi ndi masiku awiri," nkhani imatha chojambula chikadali cha pensulo.

Kodi milungu iwiri ingakwane kuchita kafukufuku?

Kuyesa tsamba limodzi, inde. M'chaka cha 2000 Jakob Nielsen, katswiri wa UX, analemba kuti kuyesa ndi anthu asanu kumaulula pafupifupi 85 peresenti ya mavuto a kagwiritsidwe ntchito, ndipo analangiza kuyesa kangapo ndi anthu ochepa m'malo moyesa kamodzi ndi chikhamu. Izi zimalowa bwinobwino mu sprint.

Koma kumvetsa moyo wa anthu omwe mukuwapangira chinthucho sikufuna phuma. N'chifukwa chake Desirée Sy wa kampani ya Autodesk anafotokoza mu 2007 njira ya mizere iwiri yoyenda limodzi: okonza amakhala patsogolo, akukonzekera zomwe zimangidwe mu sprint ikubwerayo, kwinaku akuyesa zomwe zamangidwa m'yapitayo. Ine ndimaona kuti gulu lopanda dongosolo ngati limeneli limangomuthamangitsa wokonza.

Ndiye sitiyeneranso kujambula chithunzi cha pulogalamu yonse?

Muyenera, koma mwapatalipatali. Njira yomwe munthu adutse kuyambira polowa mpaka pomaliza idziwike msanga, komanso mabatani, mitundu ndi zilembo zomwe aliyense azigwiritsa ntchito. Mukapanda kutero, tsamba lililonse limatuluka ndi nkhope yakeyake. Tsatanetsatane yekha ndiye adikire nthawi yake.

Wokonza azikhala nawo pa msonkhano wa tsiku ndi tsiku?

Azikhalapo. Mu Scrum gulu limakumana tsiku lililonse kwa mphindi 15 zokha, ndipo m'pomwe amamvera msanga kuti chojambula chake chasinthidwa pomanga.

Kodi agile imalephera pati?

Imalephera gulu likatengako liwiro lokha n'kusiya anthu. Mudzazindikira ndi mawu akuti "tidzakonza pambuyo pake" akamamveka sprint iliyonse, pomwe mndandanda wa ntchito, womwe amautcha backlog, ulibe ngakhale mzere umodzi wa kafukufuku. Zikatero, wokonza akambirane ndi product owner, yemwe ndi amene amasanja mndandandawo, kuti kuyesa ndi anthu kulembedwemo ngati ntchito ina iliyonse. Gulu ligwirizanenso kuti tsamba lisamatchedwe lotha munthu weniweni asanaligwiritse ntchito, ndipo olemba mapulogalamu azikhalapo poyesapo kuti adzionere okha pomwe munthu akukakamira.