Mantha a kulapa aja anachokera kuti

Anthu ambiri okulira mu Chikatolika akakhala pansi ndi wauphungu, chomwe chimayamba kutuluka ndi mantha, aja oti ndikaiwala tchimo limodzi pokalapa ndiye basi kwanga nkumoto. Manthawa ali ndi mbiri yake. Lamulo loti Mkatolika aliyense azilapa kwa wansembe kamodzi pachaka linakhazikika mu 1215 pa msonkhano wachinayi wa mabishopu wa ku Lateran, ku Rome, ndipo anthu ena a chikumbumtima chosachedwa kudzitsutsa anadwala nalo zenizeni. Ignatius wa ku Loyola, yemwe pambuyo pake anayambitsa chipani cha maJesuit, ali ku Manresa ku Spain mu 1522 ankati akalapa nkutuluka, kenako nkubwereranso poganiza kuti pali chomwe wasiya, mpaka kulemba machimo papepala koma mtima osakhala pansi, zinafika poti ankaganiza zodziponya m'dzenje lomwe linali m'chipinda chake. Mtendere anaupeza atatsimikiza kuti zakale sazilapanso. Lero akatswiri a zamaganizo vuto lotere amaliika m'gulu la OCD, matenda omwe maganizo osautsa amangobwerabwera nkumukakamiza munthu kuchita chinthu mobwerezabwereza.

Komatu mpingo ndi akatswiriwa poyamba samamwerana madzi. Katswiri wa zamaganizo Sigmund Freud ankati chipembedzo chimachokera pa kufuna bambo wokuteteza, ndiye akuluakulu a mpingo ku Rome zinawaopsa, mu 1961 analetsa ansembe ndi asisitere kugwira ntchito ya psychoanalysis, njira ya Freud yochizira maganizo pokambirana ndi wodwala. Pofika 1965 msonkhano waukulu wa mabishopu wa Vatican II unanena kuti posamalira akhristu agwiritseko ntchito zomwe a zamaganizo apeza, komanso kuti munthu asakakamizidwe kuchita zosemphana ndi chikumbumtima chake.

Zinanso zinasintha. Malamulo a mpingo a 1917 ankamana mwambo wa maliro munthu wodzipha, a 1983 anachotsa zimenezo, katekisimu wa 1992 nkuvomera kuti kudwala maganizo kumachepetsa mlandu wa munthuyo. Nanga za Limbo, malo omwe ankati kumapita makanda osabatizidwa, amayi angati analira zaka ndi zaka poganiza kuti khanda lawo lomwalira lisanabatizidwe silidzaona Mulungu? Mu 2007 bungwe la akatswiri a zaumulungu ku Vatican linati pali zifukwa zokwanira zoyembekezera kuti ana otere amapulumuka.

Chondiwawa ine nchakuti kusinthaku m'mabanja ambiri sikunafike, makolo anapatsira ana katekisimu wa mantha yemwe iwowo analoweza ali ang'ono. Ndiye munthu akayamba kufunsa lero abale amangoti wataya chikhulupiriro, pomwe nthawi zambiri akulimbana ndi zinthu zomwe mpingo womwewo unazisiya kalekale. Ena akafunsa choncho amabwerera ku Misa mtima uli m'malo, ena amachokeratu, ndipo wauphungu wabwino sawasankhira.