Makina onjenjemera ndi fupa lothyoka la m'chiuno: mafunso ndi mayankho

Kodi n'chifukwa chiyani okalamba amathyoka m'chiuno akangogwa pang'ono?

Munthu akamakula, makamaka mayi akasiya kusamba, fupa limayamba kutha mkati. Kunja limaoneka labwinobwino, koma mkati lili ngati chimanga chofumbwa. Achipatala amati osteoporosis. Agogo otere angoterereka kubafa kapena kuphonya sitepe ya pakhonde, basi, fupa la ntchafu lathyokera kumtunda komwe limalumikizana ndi chiuno. Mukawayang'ana, mwendo umodzi wafupika, phazi lagwera kunja, kudzuka kwakanika.

Nanga kunjenjemeretsa kukubwera pati?

Fupa limalimba likamanyamula thupi, ndipo limafooka munthu akakhalitsa pabedi. Akatswiri ena anaganiza kuti ngati nkhalamba singathamange kapena kudumpha, mwina fupa lingadzutsidwe ndi tikugwedeza tating'onoting'ono tobwerezabwereza. Clinton Rubin wa pa yunivesite ya Stony Brook ku America anayesa izi pa nkhosa. Ankaziimika pa makina onjenjemera mphindi 20 pa tsiku kwa chaka, ndipo mu 2001 anasonyeza kuti mkati mwa fupa la ntchafu munadzadza kuposa mwa nkhosa zomwe sizinaimikidwe pa makinawo. Ku Chinese University of Hong Kong anayesa pa makoswe a mafupa ofooka, napeza kuti pothyoka pamalumikizana msanga.

Ndondomeko yake imati chiyani?

Ya ku Hong Kong ili motere: munthu amaima chilili pa makina afulati, mphindi 20 pa tsiku, masiku 5 pa sabata. Makinawo amanjenjemera ka 35 pa sekondi imodzi, ndi mphamvu yotsika ya 0.3g, kutanthauza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi. Woimapo sagwedezeka moti n'kumaonekera, amangomva kunjenjemera pang'ono kuchokera kumapazi kukwera m'miyendo. Kufatsa kumeneku ndiye mutu wa nkhani yonse.

Pa anthu zathandiza?

Apa m'pofunika kumvetsa bwino, chifukwa otsatsa malonda amalumphapo. Kafukufuku wa ku Hong Kong wofalitsidwa mu 2014 anatsata amayi okalamba 710 kwa miyezi 18. Omwe ankaima pa makina ankagwa mocheperapo, minofu ya m'miyendo inalimba, ndipo ankaima mokhazikika. Ichi si chinthu chaching'ono, poti wothyoka kamodzi amakhala pa chiopsezo chothyokanso, ndipo chimamuthyola ndi kugwa komweko. Koma pa nkhani yodzadzitsa fupa, zotsatira n'zosiyanasiyana. Ku Toronto mu 2011, amayi 202 osiya kusamba anatsatidwa kwa chaka chathunthu, ndipo makinawo sanasinthe kulimba kwa mafupa awo. Choncho umboni wooneka uli pa minofu ndi kugwa. Wokuuzani kuti makina amalumikiza fupa la agogo monga anachitira pa makoswe, wathamanga kuposa umboni.

Ndiye angalowe m'malo mwa opaleshoni?

Ayi, ngakhale pang'ono. Wothyoka m'chiuno sangaime n'komwe pa makinawo. Choyamba ndi opaleshoni yoika chitsulo kapena kusintha mutu wa fupa, ndipo siyenera kuchedwa. Ku England malangizo a bungwe la zaumoyo la NICE amati ichitike tsiku lomwe wodwala wagonekedwa kapena mawa lake, kenako tsiku lotsatira ayambe kumudzutsa ndi kumuyendetsa. Chimene chimapha okalamba ambiri si fupalo ayi, koma kugona nthawi yaitali: chibayo, zilonda za pamsana ndi m'matako, ndi magazi oundana m'mitsempha. Makina amabwera pambuyo, dokotala akaona kuti mwendo wayamba kunyamula thupi.

Ana anga ali ku Johannesburg akufuna kunditumizira makina a ku jimu. Ndi omwewo?

Chonde musafulumire. Makina ambiri a ku jimu amagwedeza mwamphamvu kuposa 0.3g kangapo, moti ngakhale mnyamata amamva mano akugundana. Pa fupa lofooka, kapena loikidwa chitsulo kumene, mphamvu yotere ndi yoopsa, komanso chizungulire chokha chikhoza kukugwetsani. Muyambe mwafunsa dokotala wa mafupa kapena wa mafizo, makamaka ngati muli ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, munadwalapo magazi oundana m'mwendo, kapena mumachita chizungulire kawirikawiri. Ndipo ana afunse wogulitsa manambala awiri aja, 35 ndi 0.3g. Akalephera kuyankha, ndalamazo zisungidwe.

Kwathu makinawa kulibe. Titani?

Musadandaule, zazikulu sizili m'makina. Funsani za mankhwala olimbitsa mafupa monga alendronate, kapena zoledronate wolandira kudzera mu dripi kamodzi pa chaka. Kafukufuku wa mu 2007 anaonetsa kuti zoledronate, akaperekedwa kwa othyoka m'chiuno atachitidwa opaleshoni, amachepetsa kuthyokanso ndi 35 peresenti ndiponso imfa ndi 28 peresenti. Agogo adye usipa ndi matemba pamodzi ndi minga yake, mkaka ukapezeka amwe, ndipo aziwothera dzuwa. Tsiku lililonse ayeserere kudzuka pa mpando ndi kukhalanso, wina atawagwira dzanja, ayendeko ndi ndodo mpaka pabwalo. Chotsani mkeka wopindika pakhomo, kolopani madzi a sopo kubafa, ndipo usiku tochi izikhala pafupi ndi pilo, chifukwa ulendo wa kuchimbudzi mumdima wagwetsa okalamba ambiri.