Chimanga sichinachokere kuno ayi

Abale ndatopa nazo zomamva zoti chimanga ndi mbewu ya makolo athu kuyambira pachiyambi. Chinachokera ku Mexico, komwe alimi anayamba kusankha ndi kudzala udzu wina wotchedwa teosinte zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndiye asayansi atapima DNA (tizinthu tosonyeza chibadwa) ya zitsononkho za zaka 5,000 zopezeka m'mapanga a ku Tehuacán, ku Mexico komweko, anapeza kuti chimangacho chinali chikusinthabe, sichinali udzu komanso chisanafanane ndi chathuchi. Kuno ku Africa chinafika chaka cha 1500 chitadutsa kale, makolo ankadalira mapira ndi mawere.

Ngati mukukayika sakani teosinte pa intaneti muone kangala kake, kochepa ngati chala. Nkhani za m'magulu a pa intanetizi musamangotumiza musanafufuze chonde.